Tsiku limene ndinasamutsa boti lathu abambo ali mu opaleshoni

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse, inu muli kuno ku UK ndi inu mukuwerenga muli kumudzi. Ine ndine Nabanda, ambiri mumandidziwa kuti Mayi Phiri a kwaya. Ndakhala ndikuzengereza kulemba umboni uwu chifukwa muli gawo lina londichititsa manyazi, koma mtima wakana kukhala chete. Ndikufuna ndikuuzeni za sabata imene amuna anga anagona m'chipatala kudikira opaleshoni ya mtima, namondwe ali m'njira, nyumba yathu ili pamadzi popanda woisuntha.

Ndiyambe ndi nyumbayo, poti ambiri amadabwa akamva. Ife timakhala m'boti. Ndi maboti aja aatali, opyapyala, achitsulo, amene mumawaona m'ngalande za kuno mukamadutsa pa sitima. M'kati muli chipinda chogona, khitchini, bafa ndi mbaula ya nkhuni. A Phiri amawotcherera zitsulo pa kampani ina ku Loughborough. Botilo analigula litatheratu ndi dzimbiri, ndipo analikonza okha zaka zitatu, Loweruka lililonse. Atalimaliza tinatuluka m'nyumba ya lendi ku Wigston n'kulowamo ndi zonse zimene tili nazo. Tilibe kwina kumene timati kwathu kuno.

Chilolezo cha boti lathu sichilola kukhala malo amodzi kupitirira masabata awiri, choncho timasamukasamuka. Ntchito yoyendetsa inali ya abambo. Ine ndimagwira ku keya homu, kosamalira okalamba, ndipo paboti changa chinali kuphika ndi kuchapa basi. Ndinakulira ku Chikwawa, kumene ndili mtsikana ndinaona madzi akulowa m'nyumba mwathu n'kunyamula mbuzi zonse tikuyang'ana. Kusambira sindidziwa. Boti likamayenda ndinkakhala m'kati, ndipo chiwongolero ndinali ndisanachigwirepo ngakhale tsiku limodzi.

Sabata imeneyo tinali titamangirira pamtsinje wa Soar, kumunsi kwa Barrow, pansi pa mitengo ikuluikulu. Tinkati tikhalapo masiku ochepa chabe. Lolemba m'mawa ndili pa shifiti, foni inalira. Anali a kuntchito kwa abambo, akuti agwa atagwira pachifuwa ndipo ambulansi yawatengera ku Leicester. Madokotala atawayeza anati mitsempha ya mtima yatsekeka, opaleshoni ichitike Lachinayi m'mawa. Nesi wina anandikokera pambali n'kundiuza kuti chilichonse chowadetsa nkhawa ndichisunge ndekha mpaka atatuluka.

Mvula inayamba Lachiwiri ndipo sinakate. Lachitatu masana ndili pampando m'wodi, pa TV ya pakhoma anayamba kuonetsa mapu a zanyengo. Ankati namondwe wamkulu amene wawononga kutsidya kwa nyanja watembenukira kuno, ndipo ngakhale wachepa mphamvu, afika Lachinayi madzulo ndi mphepo yozula mitengo komanso mvula yodzaza mitsinje. Ndinaimirira kuti nditchinge TV ija ndi thupi langa, koma ndinali nditachedwa. A Phiri anali ataona kale.

Anakhala tsonga pabedi n'kuyamba kufunafuna nsapato ndi phazi. Anati boti silingakhale pamtsinje, liyenera kulowa m'ngalande ya ku Loughborough, kuseri kwa chipata cha madzi chimene amachitseka mtsinje ukadzaza. Anati madzi akakwera botilo likwera pamtunda, ndipo akamaphwa lipendekeka n'kumira. Dzanja lawo linali litafika kale pa diripi kuti aizule. Kamakina koyeza mtima kanayamba kulira mofulumira.

Apa ndi pamene ndinachimwa, abale. Ndinawagwira dzanja n'kunena kuti, "Abambo, gonani. Ndapeza kale anthu a kutchalitchi, alisuntha mawa m'mawa. Mmodzi amadziwa bwino za maboti."

Anasiya diripi ija n'kugona. Panalibe munthu aliyense amene ndinapeza. Ndinanamiza amuna anga ali pafupi kulowa pa mpeni, ndipo ndinadziwa kuti akapanda kudzuka, mawu anga otsiriza a phindu kwa iwo akhala bodza.

M'basi yobwerera ndinaimba mafoni mpaka khutu linatentha. Ndinaimbira malo osungirako maboti, onse akuti kwadzaza. Ndinalemba pa gulu lathu la mapemphero. Anthu anayankha mwachikondi, koma uyu ali pa shifiti yaitali, uyu ali ndi ana, uyu ali ku Derby alibe galimoto, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakwerapo boti lotere. Mayi Zulu, mnzanga wa ku Zambia amene timagwira limodzi, anandiimbira ali pa buleki, nthawi yopuma. Anati, "Mayi, nili pa shifiti, siningachoke, koma nizapemphela. Osayopa, Mulungu ni wamkulu." Ndinayankha kuti ameni, koma kunena zoona mtima wanga sunali pa mawuwo. Unali pa madzi.

Lachinayi ndinadzuka kusanache bwino. Ndinkafuna kukhala kuchipatala kuti ndiwaperekeze mpaka pakhomo la opaleshoni, koma sindikanatha kukhala malo awiri. Tinalankhula pafoni mphindi zochepa, ndinawapempherera, ndipo iwo anangofunsa ngati anthu aja afika. Ndinati ali m'njira. Limenelo linali bodza lachiwiri.

Nditatuluka panja ndinapeza mtsinje wasintha mtundu. Unali wofiira ngati tiyi wamkaka, ukuthamanga, utanyamula nthambi ndi mabotolo. Thabwa limene timapondapo potsika linali litapendekeka chifukwa boti linali litakwera. Sindinadziwe poyambira. Ndinakwera padenga la boti ndikukwawa ndi mawondo, n'kuyamba kutsitsira pagombe nkhuni, njinga ya abambo, miphika ya maluwa ndi matumba a makala. Ndisanamalize ndinatsika kukatseka gasi. Ndisanafike pa gasi ndinakumbukira mapasipoti ndi mapepala a viza, ndinathamanga kukawaika m'pulasitiki. Ntchito iliyonse ndinkaisiya pakati n'kuyamba ina, ndipo mphindi iliyonse ndinkayang'ana foni.

Kenaka ndinatenga makiyi n'kuima kumbuyo kwa boti, pamene abambo amaima. Ndinapotokola kiyi monga ndinkawaonera. Panalibe chimene chinamveka. Ndinayesanso kasanu, kakhumi, injini ili zii. Ndinati basi, poti kuyenda kwakanika, ndingolimanga kuti lisagwedezeke. Ndinatenga zingwe zonse za m'bokosi n'kulikoka botilo mpaka linagundana ndi gombe, ndinamanga kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, mfundo pamwamba pa mfundo, monga tinkamangira denga la udzu mphepo ikamabwera. M'manja munatuluka matuza.

Nditamaliza ndinayang'ana nthawi. Abambo anali atalowa kale mu opaleshoni. Mphepo inali itayamba kuweramitsa mitengo ya pamwamba pathu, ndipo boti linkalira ngati likufuna kuduka pazingwe. Mphamvu zinandithera. Ndinagwada pomwepo pa chitsulo chonyowa, mvula ikundimenya kumsana, ndipo sindinapemphere pemphero lokongola ayi. Ndinati, Ambuye, ndanama, Inu mukudziwa. Amuna anga ali patebulo chifuwa chili chotsegula, nyumba yanga ili pamadzi amene ndimawaopa. Ndilibe nzeru ina. Ngati mutenge boti tengani, koma mundisiyire munthuyo, ndipo ngati pali wina amene mungamutume, mutumeni tsopano. Ndinalira mokweza osasamala kuti wina andimva.

Ndili chigwadire ndinamva chinthu chikugogoda pachitsulo. Nditakweza maso ndinaona mayi wachikulire wachizungu ataima pagombe, atavala jasi lachikasu la mvula, akumenya boti lathu ndi ndodo yake yoyendera. Ndinamuzindikira. Boti lake lobiriwira linali chapatsogolo pang'ono ndi lathu, ndipo tinali titakumanapo naye malo angapo m'miyezi ya m'mbuyo. Ndinamupatsapo moni katatu iye osayankha, ndipo mumtima mwanga ndinali nditamuweruza kale kuti ndi mmodzi wa aja osafuna anthu akuda. Ndinkamulambalala.

Analoza zingwe zanga ndi ndodo ija n'kufunsa mokuwa kuti, "Wamanga chonchi ndani? Madzi akakwera, zingwezi zikokera mbali iyi pansi, boti limira lisanafike madzulo!"

Ndinayamba kufotokoza, koma anandidula n'kuloza khutu lake. Anati samva bwino, kachipangizo ka m'khutu amakavula kukamagwa mvula, ndiye ndiyandikire ndipo ndimuyang'ane kumaso polankhula kuti aziona milomo. Abale, manyazi amene ndinamva sindingathe kuwafotokoza. Miyezi yonse ija mayiyu sankandinyoza. Sankandimva.

Dzina lake ndi Brenda. Ndinamuuza zonse, za opaleshoni, za injini, ngakhale za bodza langa. Anakwera boti lathu movutikira, ine nditamugwira mkono, n'kundiuza kuti nditsegule thabwa la pansi pamene ndinaima. Pansipo panali kachogwirira kofiira. Anati nditembenuze. A Phiri amazimitsa mabatire pamenepo akamachoka, ndipo ine sindinkadziwa n'komwe kuti kalipo. Nditapotokolanso kiyi, injini inatsokomola kawiri n'kuyamba kulira.

Kenaka Brenda anandiuza chinthu chimene chinandiimitsa mutu. Anati iye wakhala paboti zaka zambiri ndipo mtsinjewu amaudziwa, koma chiuno chake chinachitidwa opaleshoni miyezi ingapo yapitayo, sangathe kudumphira pagombe kapena kukoka chingwe. Amene ankayenera kudzamuthandiza anakanika kufika chifukwa msewu wina unali utatsekedwa kale ndi madzi. Kuyambira m'mawa anali atangokhala m'boti mwake, osadziwa kuti amumasulira zingwe ndani. Ataona ine ndikukwawa padenga, anati mumtima mwake, uyo ali ndi miyendo. Anati, "Iwe uli ndi miyendo, ine ndili ndi mutu. Timange maboti awiriwa pamodzi, tipite."

Kumasula mfundo zanga zija kunatenga nthawi yaitali kuposa kuzimanga, ndipo ziwiri ndinazidula ndi mpeni wa kukhitchini. Nditamasulanso zingwe za boti la Brenda, iye analibweza mpaka linagona pambali pa lathu, ine n'kuwamanga pamodzi kutsogolo ndi kumbuyo monga ankandilozera. Anati iye ayendetsa onse awiri ndi chiwongolero chake, ine ndiime pa lathu pafupi naye, ndiziwonjezera kapena kuchepetsa moto wa injini yathu akakweza kapena kutsitsa dzanja. Anandiveka jekete yoyandamitsa ya abambo n'kuimanga yekha. Nditazula chikhomo chomaliza chomangirapo zingwe pagombe n'kudumphiramo, madzi anatitenga nthawi yomweyo.

Ulendowo pa tsiku labwino sutenga ola limodzi. Kwa ine unali ngati tsiku lathunthu. Mphepo inkatimenya m'mbali, ndipo maboti aatali chonchi mphepo imawakankha ngati chitseko. Ndinkayang'ana dzanja la Brenda lokha, osati madzi, ndipo pakamwa panga pankangotuluka dzina la Yesu. Chitsa chachikulu chinatigunda kutsogolo, ndinamva mbale zikugwa m'kati n'kusweka. Brenda sanatembenuke n'komwe.

Pafupi ndi chipata chija mtsinje umagawikana. Mbali ina madzi amakhotera kumanja n'kukagwera pansi ngati mathithi, mbali ina ndiyo yolowera m'ngalande. Phokoso la madzi akugwawo ndinalimva tisanawaone. Titayandikira, mphepo inawomba mwamphamvu ndipo mitu ya maboti inayamba kutembenukira kumene sitinkafuna. Brenda anakweza dzanja m'mwamba kwambiri. Nthawi yomweyo foni inayamba kulira m'thumba la pachifuwa panga, ndipo ndinadziwa kuti ndi kuchipatala, chifukwa nambala yawo ndinaipatsa kaliridwe kakekake.

Sindinganame, dzanja langa linafuna kusiya chogwirira cha moto kuti litenge foniyo. Mwina ankafuna kundiuza kuti abambo atisiya. Mwina ankafuna chilolezo changa pa chinthu china chofulumira. Koma Brenda anali akukuwa kuti ndiwonjezere moto wonse, nkhope yake itafiira, thupi lake lonse litatsamira pa chiwongolero ndi chiuno chodwala chija. Ndinakankha chogwiriracho mpaka pamapeto ndi manja onse awiri. Injini ziwiri zinabangula, utsi wakuda unatuluka, foni ikulirabe pamtima panga. Pang'onopang'ono mitu ya maboti inabwerera. Foni inasiya kulira. Tinadutsa.

Pachipata panali bambo wina wogwira ntchito za ngalande, atavala chovala chowala, atayamba kale kukankha chitseko chimodzi. Atationa anachibweza n'kutikodola ndi dzanja kuti tifulumire. Pakhoma panali chikwangwani choyezera madzi cha mitundu itatu, ndipo madzi anali akunyambita pofiira, posonyeza ngozi. Titangolowa, anatseka kumbuyo kwathu. M'ngalandemo madzi anali odekha moti ndinamva mtima wanga ukugunda.

Ndinafuna kuimba foni pomwepo, koma Brenda anati timalize kaye, mphepo siidikira munthu. Anasankha malo opanda mitengo. Anandiphunzitsa kumanga zingwe mopingasa, china cholozera kutsogolo china kumbuyo, zolimba koma zokhala ndi mpata woti boti lipume. Tinapachika matayala akale m'mbali kuti chitsulo chisamenyane ndi khoma. Tinachotsa chumuni cha mbaula, tinamanga masola a padenga ndi malamba, tinatseka mawindo ndi gasi, n'kuyesa pampu yotulutsa madzi a pansi. Zonsezi ndinazichita pa maboti onse awiri, iye atakhala pa kampando akuloza ndi ndodo.

Nditamaliza ndinalowa m'kati, n'kukhala pansi pakati pa mbale zosweka. Ndinatenga foni n'kuimbira kuchipatala. Nesi atayankha ndinatchula dzina la abambo ndipo ndinatseka maso. Anati anaimba kuti andiuze kuti opaleshoni yatha bwino, a Phiri atuluka, ali m'chipinda cha odwala ofunika kuwayang'anira kwambiri ndipo akupuma bwino. Ndinafuula mpaka Brenda, amene samva uja, anamva. Anabwera akutsimphina n'kusuzumira pakhomo, ndipo ataona nkhope yanga anangogwedeza mutu n'kupita kukatsegulanso gasi kuti ateleke madzi a tiyi.

Namondwe anafikadi madzulo ake. Boti linagwedezeka, zinthu zinkauluka panja, koma zingwe zinagwira ndipo m'kati simunalowe madzi. Loweruka mphepo itatha ndinakwera basi kupita ku Barrow kuti ndikatenge nkhuni ndi njinga zimene ndinazisiya pagombe. Sindinathe kufika. Ndinaima patali pamalo okwera n'kuona kuti njira yonse ya m'mbali mwa mtsinje yamira, ndipo mtengo umodzi mwa ija ikuluikulu wagwa chopingasa pamalo enieni pamene boti lathu linali. Nthambi zake zinali m'madzi, mizu ili m'mwamba. Ndinabwerera chimanjamanja.

A Phiri ndinawauza zoona patapita masiku asanu, atayamba kukhala pampando. Ndinati panalibe anthu a kutchalitchi, ndinakunamizani kawiri, ndikhululukireni. Anafunsa kuti nanga boti analisuntha ndani. Nditawauza, misozi inatsika m'masaya mwawo, ndipo anagwira pilo pachifuwa chifukwa kuseka kunkawapweteka pabala. Anati andikhululukira, koma tsiku lina ndisadzasenzenso katundu wotere ndekha. Bodza sindikulikometsa, abale. Ndinalapa pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa amuna anga, ndipo chifundo chimene ndinalandira sichinali malipiro a bodzalo.

Kwa Brenda nakonso ndinapepesa. Ndinamuuza zimene ndinkamuganizira miyezi yonse ija, ndipo anati si ine woyamba. Ndinamuuzanso kuti anagogoda boti lathu ndili pakati pa pemphero, choncho iye ndi yankho la pemphero langa. Anaseka n'kunena kuti iye kutchalitchi anasiya kalekale, ndipo pa moyo wake watchulidwapo mayina ambiri, koma limeneli n'loyamba. Sindinalimbane naye. Ine ndikudziwa chimene ndinapempha, ndipo ndikudziwa amene anabwera.

Lero a Phiri ali kunyumba, akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa ngalande m'mawa uliwonse monga anawalangizira adokotala. Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga moyo wawo ndi denga lathu tsiku limodzi. Ndikuthokoza madokotala ndi manesi, ndikuthokoza Mayi Zulu ndi nonse a gulu la mapemphero amene munagwada m'zipinda zopumira ku ntchito kwanu chifukwa cha ife. Mapemphero anu sanagwe pansi.

Kwa iwe m'bale wanga amene ukuwerenga uli pakati pa zinthu ziwiri zokukoka, wodwala uku, vuto lina uko, ndipo aliyense amene wamuimbira wakanika kubwera, usataye mtima. Pemphera ngakhale pemphero lako likhale losalongosoka, ngakhale uli ndi tchimo loti uyambe waulula. Ukatero dzuka upukute maso, uyang'ane amene ali pafupi nawe, chifukwa mwina nayenso wakhala kuyambira m'mawa akudikira iweyo. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.